MWANA AKAFUNA KUKATUMIKIRA ODWALA KUNJA

Taganizani za banja lina la m'mbali mwa nyanja, kaya ndi ku Makanjira, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota. Dzuwa lalowa, usipa wachotsedwa pa thandala, anthu adya nsima ndipo akhala pakhonde. Mwana wawo wamkazi, amene wangomaliza maphunziro a unamwino, wagwada pafupi ndi bambo ake foni iri m'manja.

"Ababa, ndapeza mwayi," akutero mwanayo. "Akufuna achinyamata okathandiza pa ntchito yolimbana ndi Edzi kunja kwa dziko lino."

"Akakulipira zingati, mwanangu?"

"Akuti ndi ntchito yongodzipereka. Koma ndiyenera kutumiza ndalama ya fomu sabata yomwe ino."

Bambo aja akhala chete, mayi akungoyang'ana pansi. M'mawa mwake nkhani ifika kwa amalume a mwanayo, ndipo pofika Lachisanu abale onse agawikana. Ena akuti mwana asatsekerezedwe mwayi, ena akuti kunjako akataya khalidwe, enanso akufunsa kuti ndi nzeru yanji kugulitsa ukonde kuti mwana akagwire ntchito yopanda malipiro.

Banja limeneli tangoliyerekeza, koma funso lake likufika m'makomo ambiri masiku ano, popeza ana athu akuphunzira ndipo uthenga wa maiko akutali ukuwapeza pa foni. Makolo anzathu, tisanayankhe kuti inde kapena ayi, tiyeni tiidziwe bwino ntchito imeneyi, kumene inachokera, ubwino wake ndi misampha yake.

KUDZIPEREKA NDI KUPHUNZIRA NTCHITO

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Pali kudzipereka, pamene munthu amene ali kale ndi luso lake, monga namwino, dokotala, woyeza magazi kapena wowerengera ndalama, apereka nthawi yake kwa miyezi kapena zaka popanda kulandira malipiro enieni. Anthu otere timawatcha mavolontiya. Mabungwe odalirika amawalipirira ulendo, malo ogona, chithandizo cha kuchipatala ndi kangachepe kogulira chakudya.

Palinso kuphunzira ntchito, pamene wophunzira wa pa yunivesite, kapena amene wangomaliza kumene, aikidwa pansi pa munthu wodziwa kuti aone ndi maso ake momwe ntchito imayendera. Woyamba uja amapita kukapereka zimene akudziwa, wachiwiriyu amapita kukatenga zimene sakudziwa.

Tidziwenso kuti ntchito ya umoyo wa anthu si kubaya jakisoni kokha ayi. Dokotala wa m'chipatala amaona wodwala amene wakhala patsogolo pake, pamene wa zaumoyo wa anthu amaona mudzi wonse. Iye amafunsa kuti ndi angati ayezetsa magazi, ndi angati asiya kumwa mankhwala, nanga mankhwalawo afika bwanji ku chipatala chaching'ono mvula ikakokolola mlatho. N'chifukwa chake ntchito ya Edzi imafunanso aphungu, olemba kaundula, osunga mankhwala, akatswiri a makompyuta, otanthauzira ziyankhulo ndi aphunzitsi.

ALENDO AMENE TINAWALANDIRA

Ife a Malawi ntchito imeneyi tinayamba kuionera kwathu konkuno, ife tiri olandira. Bungwe la VSO linayamba ku Britain m'chaka cha 1958. Poyamba linkatumiza anyamata ongomaliza sukulu, koma pambuyo pake linasintha n'kuyamba kutumiza anthu amene agwirapo kale ntchito zawo. Bungwe la Peace Corps la ku America linakhazikitsidwa mu 1961 ndipo linafika kuno mu 1963, dziko lisanalandire ufulu wodzilamulira. Mavolontiya a ku Japan anayamba kubwera mu 1971. Ambiri a ife tikukumbukira mlendo wina wopalasa njinga, wopereka moni m'Chichewa kapena m'Chiyao chokhotakhota. Anthu a Peace Corps amayamba aphunzira chiyankhulo ndi miyambo kwa miyezi pafupifupi 3 akukhala m'banja la m'mudzi, kenaka n'kutumikira zaka 2.

Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anadziwika m'chaka cha 1985. Amene analipo m'zaka zotsatira safuna kuuzidwa momwe maliro anachulukira. Matendawa sanasankhe msodzi kapena mphunzitsi, ndipo anatenganso anamwino ndi madokotala amene tinkawadalira, pamene ena otsala ankapita kukagwira ntchito ku Britain ndi ku South Africa. Mankhwala otalikitsa moyo, aja timati ma ARV, analipo kale ku maiko olemera kuyambira cha mu 1996, koma mtengo wake unali woti munthu wamba sakanaufikira.

M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières, lodziwika ndi dzina lachidule loti MSF, linayamba kupereka mankhwalawa ku Chiradzulu, ndipo mu 2003 linayambanso ku Thyolo. Akatswiri ambiri a kunja ankakayika ngati anthu a kumudzi angathe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse. Odwala a ku Chiradzulu ndi Thyolo anaonetsa kuti angathe. Popeza madokotala anali ochepa, alendo aja pamodzi ndi unduna wa zaumoyo anaphunzitsa anamwino ndi othandiza madokotala kuyambitsa odwala pa mankhwala, ndipo ntchito inatsikira ku zipatala zazing'ono.

Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse. Nthawi yomweyo linakonza ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zachipatala mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund. Malipiro a ogwira ntchito anaonjezeredwa ndi 52 kwacha pa 100 kwacha iriyonse, malo a ophunzira m'makoleji anakuzidwa, ndipo madokotala odzipereka ochokera kunja, kudzera m'mabungwe a VSO ndi United Nations Volunteers, anadzatseka mipata pamene ana athu anali pa sukulu. Ounika ndondomekoyi anapeza kuti madokotala anachoka pa 43 mu 2004 kufika pa 265 mu 2009. Mabungwe enanso anabwera: a Baylor anatsegula chipatala cha ana pafupi ndi Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mu 2006, ndipo a Partners In Health, amene kuno amatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, anayamba ntchito ku Neno mu 2007.

Zipatso zake tinaziona. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse amene ali ndi kachirombo ka HIV, 88 ankadziwa momwe m'thupi mwawo muliri. Mwa odziwawo, 98 pa 100 alionse anali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo 97 pa 100 alionse kachirombo kanali katachepa kwambiri m'magazi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komatu taonani kuti alendo amene anatipindulira ndi aja anabwera ndi luso, nagwira ntchito pansi pa malamulo a dziko lino, naphunzitsa eni nthaka.

MTIMA WABWINO PAWOKHA SUCHIZA

Pali nkhani ina yomvetsa chisoni imene aliyense wofuna ulendo wotere ayenera kuimva. M'chaka cha 2009 mtsikana wina wa ku America, amene analibe maphunziro a zachipatala, anakhazikitsa bungwe lothandiza ana m'tauni ya Jinja ku Uganda. Posakhalitsa malowo anayamba kulandira ana onyentchera odwala kwambiri, oyenera kugonekedwa m'chipatala chenicheni. Pakati pa 2010 ndi 2015 ana 105 anamwalira pamalopo, ndipo akuluakulu a zaumoyo a m'bomalo anatsekapo mu 2015. Amayi awiri anakasuma ku khoti mu 2019. Mtsikanayo anakana kuti ankadzichititsa ngati dokotala, ndipo mlanduwo unatha mu 2020 pamene bungwe lake linavomera kulipira amayiwo popanda kuvomera kuti linalakwa.

Sitikuweruza mtima wa munthuyo. Phunziro lake ndi lakuti chimene munthu saloledwa kuchita kwawo asakachichite kwa eni ake chifukwa choti ndi osauka. Kuno kwathu dokotala wochokera kunja amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, asanakhudze wodwala. Mwana wathunso akapita kwina, lamulo lotere akalipeza. Ngati ndi wophunzira, asakavomere kusoka bala, kubereketsa mayi kapena kulembera munthu mankhwala popanda womuyang'anira, ngakhale atamunyengerera bwanji.

Pa nkhani ya Edzi palinso chinsinsi cha wodwala. Munthu amene wapezeka ndi kachirombo angathe kutaya banja, ntchito kapena makasitomala pa msika ngati nkhani yake yaululika iye asanakonzeke. Volontiya amene amajambula odwala n'kuika zithunzi pa Facebook kuti anzake amutame waononga ntchito yonse imene anapitira.

Ku Europe ndi ku America kulinso makampani amene amagulitsa maulendo a sabata ziwiri kapena zitatu kwa achinyamata ofuna "kukathandiza ku Africa". Olipirawo amabwerera kwawo ndi zithunzi komanso kalata yowathandiza kupeza malo pa sukulu ya udokotala. Chipatala chimene chinawalandira nthawi zambiri chimatsala ndi namwino wotopa, amene anasiya odwala ake kuti azitanthauzira alendo.

NAFENSO TIMAPITA

Ena amaganiza kuti ntchito yodzipereka ndi ya azungu okha, ife yathu ndi kulandira. Maganizo amenewa anatha ntchito. Pamene mliri wa Ebola unabuka ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone kuyambira 2014 mpaka 2016, n'kupha anthu oposa 11,000, bungwe la African Union linatumiza ogwira ntchito zachipatala oposa 800 ochokera m'maiko monga Nigeria, Ethiopia, Kenya ndi Democratic Republic of Congo. Ena a iwo anali atalimbanapo kale ndi Ebola kwawo, choncho ankadziwa zimene madokotala ambiri a ku Europe anali asanaonepo. Ngakhale ku MSF, ogwira ntchito oposa 8 mwa 10 alionse amalembedwa m'dziko lomwe ntchito ikuchitikira, ndipo ena mwa iwo akakhwima amatumizidwa kukathandiza maiko ena. Bungweli kawirikawiri limafuna munthu amene wagwirapo ntchito yake kwa zaka zosachepera 2.

Makomo ena odziwika ndi awa. Bungwe la United Nations Volunteers, limene linakhazikitsidwa mu 1970 ndipo likulu lake liri ku Bonn m'dziko la Germany, limatumiza anthu ku nthambi zosiyanasiyana za United Nations n'kumawapatsa ndalama yodyera mwezi ndi mwezi. African Union inayambitsa gulu lake la achinyamata odzipereka mu 2010, limene limatumiza wachinyamata wophunzira kukatumikira miyezi 12 m'dziko lina la mu Africa. Bungwe la Global Health Corps, limene mmodzi wa oliyambitsa mu 2009 anali Barbara Bush, mwana wa pulezidenti wakale wa America, pa zaka zake zoyamba linkaika achinyamata awiriawiri pa ntchito imodzi kwa chaka, wina mwini dziko wina mlendo. Dziko la Malawi linali limodzi mwa maiko amene ankachita zimenezi, pamodzi ndi Uganda, Rwanda ndi Zambia.

Ofuna kuphunzira ntchito ambiri amalota za Geneva ku Switzerland, kumene kuli malikulu a World Health Organization, UNAIDS ndi Global Fund. Kwa zaka zambiri ophunzira ntchito kumeneko sankalandira kanthu, pamene Geneva ndi umodzi mwa mizinda yodula kwambiri pa dziko lapansi. Zotsatira zake zinali zakuti ana a anthu olemera a maiko olemera ndiwo ankadzaza malowo, n'kumaphunzira za matenda a maiko amene sanawapondepo. Mu 2015 nyuzipepala zinalemba za mnyamata wa ku New Zealand amene ankaphunzira ntchito ku United Nations akugona m'tenti m'mbali mwa nyanja ya mumzindawo. Iye pambuyo pake ananena kuti anachita dala kuti dziko lione vutolo. Mu 2018 msonkhano waukulu wa maiko a mu WHO unagwirizana kuti zinthu zisinthe, ndipo mu 2020 bungwelo linayamba kupereka ndalama yothandizira ophunzira ntchito osowa, ndi cholinga choti theka la iwo azichokera ku maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mwayi wotere umatsegulidwa ndi kutsekedwa malinga ndi ndalama zimene bungwe liri nazo, ndipo opikisana amakhala ambiri.

ZOKATENGA KWA ANANSI

Komabe kunja si Geneva yekha. Pa nkhani ya Edzi, sukulu zazikulu ziri pafupi nafe.

Ku Uganda mayi wina dzina lake Noerine Kaleeba, mwamuna wake atamwalira ndi Edzi, anasonkhana ndi anzake mu 1987 n'kuyambitsa bungwe la TASO, limene linaphunzitsa anthu kuti wodwala Edzi ndi woyenera kusamalidwa osati kuthawidwa. M'dziko lomwelo madokotala a Chisilamu, kudzera m'bungwe lawo la Islamic Medical Association of Uganda, anayamba mu 1992 kuphunzitsa maimamu za matendawa. Imamu aliyense ankakhala ndi gulu la anthu odzipereka, amuna ndi akazi, oyenda khomo ndi khomo kufotokozera mabanja momwe kachirombo kamafalira ndi momwe angasamalire odwala. Maimamu ankapatsidwa njinga kuti afike kutali. Ntchitoyi inafika m'mizikiti 850, kenaka inalowanso m'madrasa kuti ana aphunzire adakali aang'ono, ndipo mu 1998 bungwe la UNAIDS linailemba ngati chitsanzo choti maiko ena atengerepo. Wachinyamata wa ku Mangochi kapena Salima amene angakaone ntchito yotere angabwere ndi nzeru yolowa m'mudzi mwathu popanda kuikhotetsa, chifukwa mabanja a kumeneko amafanana ndi athu pa zambiri.

Chitsanzo china chiri ku Tete m'dziko la Mozambique, kungodumpha malire. Kumeneko odwala ankayenda mitunda italiitali mwezi uliwonse kukatenga ma ARV, ndipo ambiri ankalekera panjira chifukwa chosowa ndalama yokwerera galimoto. Mu 2008 odwalawo pamodzi ndi a MSF ndi akuluakulu a zaumoyo anayambitsa timagulu ta anthu osapitirira 6 okhala moyandikana. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita ku chipatala, kukapimidwa iye mwini ndi kutengera anzake onse mankhwala, ndipo mwezi wotsatira ankapita wina. Ulendo unachepa, mizere ya ku chipatala inafupika, ndipo anthu ankalimbikitsana. Nzeru imeneyi inafalikira ku maiko ena kuphatikizapo kuno ku Thyolo. Aliyense wodziwa moyo wa asodzi, amene amasamuka kutsata nsomba kuchoka doko lina kupita doko lina, angaone yekha kufunika kwa nzeru zoterezi kunyanja kuno.

Tisaiwalenso kuti mwana wathu sapita chimanjamanja. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo pa mankhwala a moyo wonse, osadikira zoyeza chitetezo cha m'thupi zimene zipatala zambiri za kumudzi zinalibe makina ake. Njira imeneyi, yotchedwa Option B+, inateteza makanda ambiri, ndipo WHO inailimbikitsa ku maiko ena pambuyo pake. Namwino amene wagwira ntchito pa chipatala cha boma kuno ali ndi zoti akaphunzitse.

MAFUNSO OYENERA KUFUNSA

Safunsa anadya phula. Tsono mwana akabwera ndi uthenga wa mwayi wa kunja, banja likhale pansi ndi kufunsa mafunso awa.

Kodi akuitanitsa ndalama? United Nations ndi nthambi zake sizilipiritsa munthu pofunsira ntchito, poyesedwa kapena polembedwa. Wina akakuuzani kuti tumizani ndalama ya fomu pa foni lero lomwe, malo asanathe, dziwani kuti mwina mukuyankhula ndi wakuba. Asagulitsidwe ukonde, mbuzi kapena munda chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp.

Kodi bungwelo liri ndi ofesi yodziwika, ndipo mwanayo akakhala pansi pa yani? Pakhale kalata yolembedwa yofotokoza ntchito, nthawi yake, malo ogona, ndalama yodyera, wolipira akadwala ndi tikiti yobwerera. Makolo afunse ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ndipo ngati n'kotheka ayankhule ndi munthu amene anapitako n'kubwerako. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman, kumene analonjezedwa ntchito zabwino koma anakapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti awo atalandidwa. Chaka chomwecho atolankhani a Associated Press anaulula za atsikana a mu Africa amene anakopedwa ndi lonjezo la maphunziro ndi ntchito ku Russia, koma anakaikidwa m'fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Mawu okoma akuti maphunziro kapena kudzipereka angathe kukhala nyambo. Dziko lathu liri ndi lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa anthu, koma lamulo limavutika kufikira mwana amene ali kale kutsidya kwa nyanja zamchere. Pasipoti ikhale m'manja mwa mwini wake nthawi zonse, ndipo viza ikhale yogwirizana ndi chimene akupitira.

Kodi thupi lake latetezedwa? Wogwira ntchito m'chipatala alandire katemera wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, ndipo maiko ena amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever. Kachirombo ka HIV sikafala pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena posamalira wodwala mwa nthawi zonse. Ngozi imakhalapo munthu akadzibaya ndi singano imene yakhudza magazi a wodwala. Zikatero pali mankhwala otchedwa PEP, oyenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanathe, ndi kumwedwa kwa masiku 28. Mwanayo afunsiretu kuti mankhwalawa akawapeza kuti. Asamalenso ndi chifuwa chachikulu, chimene chimayenda mumpweya ndipo chimakonda kugwira anthu amene chitetezo chawo chatsika.

Kodi akakhala bwanji monga mwana wa pakhomo pathu? Palibe chochititsa manyazi kufunsiratu za chakudya cha halaal, malo ndi nthawi ya swala, mavalidwe a pa ntchito, kagwiridwe ka ntchito m'mwezi wa Ramadhan, ndiponso ngati malo ogona amuna ndi akazi ndi olekanitsidwa. Bungwe labwino limayankha mafunso otere mosanyinyirika. Mwanayonso adziwiretu kuti pa ntchito ya Edzi akakumana ndi anthu a makhalidwe amene iye sagwirizana nawo, monga oyendayenda ndi obaya mankhwala osokoneza bongo m'mitsempha. Onsewo ndi odwala oyenera ulemu ndi chinsinsi. Amene sangathe kuthandiza munthu popanda kumunyoza, ntchito imeneyi si yake.

Funso lomaliza ndi la mwanayo mwini: kodi wayamba watumikirapo kwawo? Chipatala cha boma, gulu la anthu omwe ali ndi kachirombo, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga, onsewa amafuna owathandiza. Mabungwe a kunja amayang'ana zimenezi posankha anthu. Amene sanasambitsepo wodwala wa pakhomo loyandikana nalo adzavutika kukhulupiritsa anthu kuti akufuna kukasamalira odwala a ku Liberia.

ALENDO AKAPITA

Akuluakulu anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'mwezi wa Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, a Peace Corps anabweza kwawo mavolontiya awo onse pa dziko lapansi, anthu pafupifupi 7,000, m'masiku owerengeka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa. Thumba la PEPFAR, limene kuyambira 2003 lakhala likulipirira gawo lalikulu la ntchito ya Edzi mu Africa, linagwedezeka, ndipo aphungu, olemba kaundula ndi olondola odwala ambiri anauzidwa kuti akhale kunyumba. M'masiku amenewo amene anatsala pa windo la mankhwala anali namwino wa kwathu, ndipo amene ankagogoda pa chitseko cha wodwala anali mnansi wake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Dziko lino liri ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi kachirombo ka HIV, ndipo aliyense wa iwo afunika mankhwala mawa, mkuja ndi chaka chamawa, kaya alendo alipo kaya palibe. Mu 2023 WHO inatulutsa mndandanda wa maiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, ndipo dziko la Malawi linali pa mndandandawo. Mwana wathu akapita kunja n'kukakhaliratu, mudzi wataya namwino amene unamulera. Akapita ndi luso, n'kukatumikira modzichepetsa pansi pa odziwa, n'kubwerera ndi nzeru ngati ya ku Uganda kapena ya ku Tete, ulendo wake wapindulira onse: odwala a kumeneko, iye mwini ndi ife otsala.

Tibwerere ku khonde lija. Ndalama ya fomu isatumizidwe sabata ino. Bambo ndi amalume aperekeze mwanayo ku boma akafunse za bungwelo, ndipo likapezeka kuti ndi labodza achenjezenso ana a anzawo. Likapezeka kuti ndi loona, kalata iripo, womuyang'anira alipo ndi tikiti yobwerera iripo, asamutsekereze chifukwa cha mantha okha. Amukhazike pansi monga timachitira ndi aliyense wa paulendo, amulangize, amupempherere, ndipo amalume amufunse pamaso pa abale onse kuti, "Mphwanga, ukabwerako udzayambira chipatala chiti?"